Oyembekezera Salipira

"Oyembekezera salipira," anatero kalaliki wa pachipatala cha mishoni, akuyang'ana Salma, mwana wa achimwene anga. "Muli ndi pakati?"

Salma, thupi lili moto, anacheukira kubenchi. Ndalama tinalibe, komatu mimba yosaoneka salengeza pagulu, ndipo pabenchi panadzaza anthu akwathu ku Ntaja, makutu ali tcheru.

Ine nkhalamba ndinadzambatuka, n'kutukumula chimimba changa cha mbatata.

"Ndilembeni ine, bambo! Ndayembekezera pano kuyambira m'mawa. A Nasoro awa ngoyembekezeranso, ndi ndevu zawozi!"

Anthu anafa nako kuseka. Maso onse ali pa ine, Salma anagwedezera kalaliki mutu pang'ono.

"Lowani, mayi," kalaliki ananong'ona. Kenaka anakweza mawu: "Agogo oyembekezerawo ayembekezerebe panja!"