Khofi Amene Abu Sanad Anamwetsa Mlendo

Panali munthu wina wa suti yosalala, dzina lake Nadim. Ameneyu ndiye anagwetsa nyumba ya mkulu wometa tsitsi mumzinda wathu wa Zarqa, yemwe tonse timamutcha Abu Sanad, bambo a Sanad. Kuno bambo amaitanidwa ndi dzina la mwana wake wamwamuna woyamba, lakelake limaiwalika. Ndipo Sanad ndiye kuti mzati, potsamira munthu akakalamba.

Masana ena Nadim anafika pakhomo. Anamuthirira khofi, iye n'kuika kapu pansi osamwa. Mlendo akatero ali ndi pempho, samwa mpaka mwininyumba avomere.

"Ndipatseni mwana wanu Sanad akaphunzire za ndege kunja," anatero Nadim. "Ndidzamubweza ndekha pakhomo pano."

Mkazi wa Abu Sanad anamukokera mwamuna wake kuseri kwa chitseko. "Munthuyu bambo ake mukuwadziwa? Khofiyo azizire, sitifa nazo."

"Iwe, khofi azizire m'nyumba mwanga? Andiseke pamsika?" Anabwerera kwa mlendo. "Imwani, bwana. Mwanayo ndi wanu."

Nadim anamwa, n'kupita naye.

Zaka zinadutsa, zii. Tsiku lina Abu Sanad ali pakati pometa munthu ndevu, wailesi inalengeza kuti zigawenga zalanda ndege yodzaza anthu m'mlengalenga, ndipo mtsogoleri wawo wawombera kale woyendetsa mmodzi. Kenako inatchula dzina: Sanad, wa ku Zarqa.

Lumo linaima pakhosi.

"Abu Sanad, m'bale wanga," ananong'ona wometedwayo, "chotsani kaye lumolo."

Nkhani inafalikira msewu wonse. Mnyamata amene ankathawira pansi pa bedi nkhosa ikamaphedwa pa Idi, lero wafumbata miyoyo ya anthu pamwamba pa mitambo, maboma akuluakulu akunjenjemera! Dzina limene Abu Sanad ananong'oneza m'khutu la khanda, tsopano azilankhulo zonse akulitchula ndi mantha. Mkuluyo anangoyang'ana manja ake. Manja omwewa ndiwo ankamusambitsa?

Sanad sanaonekenso. Zitsiru zina zinkabwera kudzagwira Abu Sanad chanza, ati bambo a ngwazi. Iye ankalavula pansi.

"Ngwazi ya chiyani? Woyendetsa uja analibe bambo? Muzinditcha Fayez, dzina limene anandipatsa mayi anga."

Tinayesa. Pakamwa panakana. Aliyense womupatsa moni amamulasa ndi dzina lomwelo la Abu Sanad.

Lero amayenda ndi ndodo. Ukamufunsa za mwana amaikweza: "Mzati wanga ndi uwu."

Nadim ali moyo, wanenepa, ana ake onse akuti ndi madokotala. Khofi anamwa. Mwana wa mwini sanamubweze.

Phunziro: Manyazi a pamsika amatha, mwana sabwerera. Mlendo wosadziwika bambo ake akapempha mwana wanu, khofi azizire basi, ndipo mkazi akanong'ona mverani. Dzina labwino sililera mwana. Tumizani nkhaniyi kwa makolo onse amene mukuwadziwa, Nadim wina asanaike kapu pansi m'nyumba mwawo.