Nambala Yokana Kugawika

Mpini wa khasu unagweranso pamsana pa Nowa, ndipo Lidia anamva ngati wagwera iye. Mwamuna wakeyo anali atamangidwa pamtengo pafupi ndi ng'anjo ya njerwa za sukulu, mlomo utang'ambika, diso limodzi litatsekeka.

Chinali chaka chomwe sukulu inakhala yaulere. Ana anasefukira pansi pa mitengo, ndiye midzi inayi ya kufupi ndi Kasakula inaumba njerwa 30,000 n'kuika Nowa kukhala mlonda. M'mawa umenewo, anthu atagumula dothi lomata ng'anjo, anapeza kumbuyo kuli mphako yoti ng'ombe n'kugonamo. Anawerenga zotsala aliyense akuona. Zosowa zinali 7,919.

Lidia naye mtima unkamuuza kuti mwamuna wake waba. Nowa kachasu sankamuonera patali, komanso dzulo lake anabwera malaya ali psuu ndi fumbi la njerwa. Manyazi anamugwira, koma mantha anaposa.

"Kupolisi akamutulutsa mawa, ati demokalase!" anakuwa Kalebe, wapampando wa komiti ya sukulu, akugubuduza tayala. Wina anabwera ndi botolo la parafini.

Lidia anathamanga n'kukagwada pamapazi pa aphunzitsi a Gregorio, mlembi wa komitiyo. Aphunzitsiwo anali munthu waulemu wake, wa tayi ngakhale padzuwa, ndipo ankamanga nyumba kwawo ku Chezi. Masamu anali matenda awo. Ngakhale pamaliro ankawerenga olira n'kuwagawa ndi seveni.

"Aphunzitsi, tipulumutseni. Pamtundu pathu tilipo ambiri. Tigawana mofanana, tiumba zonse zasowazo."

Maso a aphunzitsi anawala monga ankachitira pabolodi.

"Mayi, nambala imeneyi ndi yamakani. Pawiri imakana, patatu imakana, pa seveni, pa leveni, mpaka pa 89 imatsala ndithu. Imagawika ndi wani basi, kapena ndi iyo yomwe. Musakayike, ndalimbana nayo masiku atatu, kope lonse latha." Anatembenukira kugulu. "Ndiye kuti mlanduwu ndi wa munthu mmodzi."

Anthu anakuwa. Mwala unamuphwanya Nowa pachipumi, magazi n'kutsikira m'kamwa. Tayala linalowa m'khosi, parafini anamuthira kuyambira kumutu. Nowa anasiya kulira, anangoyang'ana mkazi wake ndi diso lotsalalo. Kalebe anatulutsa machesi.

Lidia anali sanapiteko kusukulu, ndipo za seveni ndi leveni zinangomudutsa. Koma masiku ankadziwa kuwerenga. Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo ali fumbi.

"Aphunzitsi," anatero mokweza, "njerwazi taziwerenga lero m'mawa. Nanga masiku atatuwo nambalayi munaitenga kuti?"

Maso onse anatembenukira kwa aphunzitsi omanga nyumba ku Chezi aja. Tayala analichotsa m'khosi mwa Nowa, koma palibe amene analitaya.