Mpango wa Masamba a Chinanazi

"Mpango wanga uli kuti?" anakuwa Swaibu, akukhuthula bokosi.

Miyezi inayi telalayu anakhala akupala masamba a chinanazi ndi phale, kulumikiza ulusi umodziumodzi, kuwomba, n'kupetapo maluwa mpaka maso kuwawa. Ankatsanzira kansalu ka ku Manila kamene mkazi wa bwana Disi wa ku Kota Kota anamuonetsa, ndipo donayo amabwera tsiku lomwelo kudzaona mpangowo.

Mkazi wake Kulusumu analowa, manja ali mbuu.

"Kansalu koonekera mkati kaja, bambo a Rahila? Ine ndimayesa sefa! Angavale zoonetsa thupi ndani?"

Swaibu anagwira kumutu. Panja galimoto inaima.

"Komatu kakusefa bwino ufa wa kondoole," anatero Kulusumu. "Maluwawo ndiwo akungotsekereza. Mukamawomba ka amayi anga, musapetepo."