Chidindo cha Lachinayi

"Kwezani manja kwa Ambuye!" anafuula abusa.

Lingson anakweza, mkono wa malaya n'kutsetsereka. Chidindo chofiira cha kalabu ya kuhotela, komwe ankagwira ganyu yoitanira alendo achinyamata kudansi, chinawala padzanja lake lamanja ngati chizindikiro cha chilombo. Mpingo wa Amalawi mu Doha unkamudziwa ngati mlonda basi.

Mapemphero a Lachisanuwo atatha, a Macfussy, mkulu wa mpingo, anamukokera pakona.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Bambo, chonde musandichotse mu kwaya. Ndachikhula ndi sopo katatu konse."

A Macfussy anayang'ana uku ndi uku, kenaka ananong'ona:

"Sopo ayi, mwana wanga. Chofiira cha Lachinayichi chimachoka ndi mankhwala otsukira mano. Chovuta ndi chobiriwira cha Loweruka."