Bowa wa a Bennet

Anganile anadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka. Kunja mvula ya ku Leicester inali kuwaza. M'kasitolo ka mankhwala azitsamba ka Uzma munkamveka fungo la mizu youma ndi jinja.

"Bowa uja, mayi," anatero Anganile. "Wa sabata ziwiri."

Uzma anatsitsa botolo la reishi, bowa wofiirira, wolimba ngati khungwa, amene anthu a ku China amawiritsa kuyambira kale pofuna kulimbitsa thupi. Anayamba kuyeza pasikelo.

Bowayo anali wa a Bennet, bambo ake a Anganile. Anachoka ku Karonga kudzaona zidzukulu ku Wigston, pafupi ndi Leicester, n'kudwalira konkuno. Madokotala anapeza khansa m'chiwindi. Anganile ndi nesi, ndipo atangoona zithunzi za sikani anadziwa kuti matendawo afika posabwerera.

Tsiku lokaonana ndi dokotala wamkulu Anganile anali pa shifiti kuntchito. Madalawo anabwerako akumwetulira. "Akuti ndizidya kwambiri basi," anatero. Anganile anangoganiza kuti Chingerezi cha dokotala chawadutsa, ndipo analibe mtima wowamasulira.

Za bowayo madalawo anazimva okha kutchalitchi, n'kumuumiriza kuti akagule. M'mawa uliwonse Anganile ankawiritsa, iwo n'kugugudiza madzi owawawo atatsinzina.

"Mwanawe, mphamvu zikubwerera," ankatero. "Mvula ikamagwa kwathu ndikhala ndili m'munda wa mpunga."

Koma lamba wa thalauza ankangobooledwa mabowo atsopano. Anganile ankavomera ndi mutu, kenako n'kukalirira m'galimoto asanalowe kuntchito.

Uzma anamanga paketi n'kuiika patebulo. Anganile sanaitenge.

"Ndili ndi pempho," anatero. "Bambo akufuna ndibwere nawo Loweruka adzakuthokozeni. Chonde, musadzawauze zimene munandiuza ine, zoti bowayu sachiza khansa. Sakudziwa kuti akupita. Chiyembekezo chawo chonse chili m'kapu imeneyi. Mukawalanda, safika mwezi wamawa."

Uzma anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya mpango wake. Atadzutsa mutu, maso ake anali atafiira.

"Ndinawalonjeza kuti ndisunga pakamwa," anatero, "koma sindingathe kusenza chinsinsi cha anthu awiri. Bambo anu anafika muno inu musanapondemo. Dokotala anawauza zonse, ndipo anamva bwinobwino. Ndinawauza kuti bowayu sangawachize. Anati, 'Ndikudziwa. Koma mwana wanga wasamalira makolo a eni ake ambirimbiri. Akangokhala n'kumandiyang'ana ine ndikutha, mtima umusweka. Muzimugulitsa, azikhala ndi choti andiphikire.'"