Mpando wa Dokotala Faye

"Khalani pansi, bambo Wane," anatero dokotala.

Ndinangomuyang'ana. Kwa miyezi isanu ndinkadya choimirira ngati bulu, ana anga atazungulira mbale ya mpunga pamphasa. Khansa inandigwira kumalo obisika, ndipo ndikati ndikhale, zinkakhala ngati ndakhalira makala amoto. Mapiritsi ankangondiledzeretsa. Ndiye lero kamtsikana kadokotala aka kandibaya singano imodzi kumunsi kwa msana, akuti kagonetsa mtsempha wonyamula ululu, basi ndikhulupirire?

"Iwe ndiwe Faye, Mserere," ndinatero. "Unayamba liti kapolo wanga kuchiza Mtukuloro? Inu mumangodziwa kudya."

Ife a mtundu wa Atukuloro ndi a mtundu wa Aserere timanyozana chibadwire, ngati pachisuweni. Koma ine sindinkaseka.

"Nanga amene akulirira mpunga ndani, agogo?" iye anaseka. "Matendawo sindinawachotse, ndakuuzani kale. Ndangowatseka pakamwa. Khalani, mbuye wanu walamula."

Mkazi wanga Dieynaba anandigwira mkono. Ndinapinda mawondo pang'onopang'ono nditaluma mano, kudikira moto uja. Matako anakhudza mpando. Unali wachitsulo, wozizira. Ndinatsitsa thupi lonse, n'kudikirabe.

Ndinangomva mpando basi.

Dieynaba anabisa nkhope mumpango wake, mapewa akugwedezeka.

"Bwanji?" anafunsa dokotala.

"Mpando wako ndi woipa. Wolimba ngati mutu wa Mserere."

"Ndiye dzukani, kunja kuli odwala ena."

"Adikire," ndinatero. "Dieynaba, pukuta misoziyo, ukhale apa pambali panga. Sitikuthamangira kulikonse."