Diski Yokana Kuchoka

Diski yakale inakana kuchoka.

Naume anali atamaliza kukhazikitsa seva yatsopano ya Unix, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo, mu ofesi ya fakitale ya tiyi kufupi ndi Ruda. Chinatsala n'kumasula diskiyo pa makina akale kuti ailumikize pa atsopanowo. Koma akalemba lamulo loimasula, makina ankayankha chimodzimodzi: pali wina akuigwiritsabe ntchito.

Mu ofesimo anali yekha. Anafunsa makinawo kuti munthuyo ndani.

Pagalasi panatuluka dzina la Eliasi, mchimwene wake.

Eliasi ndiye ankasamala makompyutawa mpaka tsiku lomwe anyamata anabwera pa lole, chisankho chili pafupi, n'kumuitanira panja. Ananyamuka osatseka ntchito yake pa makinawo, ndipo sanabwerenso. Juzi lake linali likadali pampando.

Marcel, woyang'anira jenereta, anasuzumira pakhomo. "Sisi Naume, fulumirani, dizilo watsala pang'ono."

"Achimwene akadali m'makinamu."

Marcel anayang'ana pagalasipo, navula chipewa. "Ndiye mutani?"

"Ndiyenera kuwatulutsa. Koma lamulo lake, kulimasulira m'Chinyanja, ndi kupha."

Kunja nkhungu inali itameza mizere ya tiyi. Naume analemba lamulolo, chala n'kuima pamwamba pa batani. Jenereta inatsokomola.

"Pepani, achimwene," ananong'ona, nadina.

Dzinalo linazimiririka. Diski inamasuka, ndipo atailumikiza pa seva yatsopano mafayilo onse anaoneka.

"Zatheka?" anafunsa Marcel.

Naume anangogwedeza mutu movomera. Ankaganiza za amayi ake, omwe madzulo adzamuchingamira pachipata n'kufunsa ngati kwamveka chilichonse za Eliasi.